Masamba 12 pofika Juni: zolemba za pa khitchini yathu ku Matawale

6 Januwale

Ntchitoyi yayamba ndi kalendala yakale. Mwezi wa Disembala ndinkalemba kuseri kwake ndiwo zonse zimene taphika pakhomo pano, pofuna kuona kumene ndalama ya ndiwo ikulowera. Za thanzi sindinkaziganiza n'komwe. Nditawerenga pa Chaka Chatsopano ndinachita manyazi ndekha. Masiku 31, masamba mitundu itatu: repu, kabichi, chainizi. Mawa lake repu, kabichi, chainizi. Chonsecho bonongwe akumera yekha m'mphepete mwa mpanda, ndipo mu msika waukulu wa Zomba ndimadutsa amayi ogulitsa nkhwani, chitambe ndi therere ngati ndili nawo ngongole.

Chifukwa chachiwiri ndi bambo a ana. Ku chipatala anawauza kuti magazi akuthamanga, achepetse mchere, achulukitse masamba. Iwo masamba amawatcha ndiwo za pakati pa mwezi, zodya poti m'thumba mwauma. Tikachotsanso mchere ndiye kuti mbale idzabwerera momwe yapitira.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu 400 a zipatso ndi masamba pa tsiku, mchere usapitirire magalamu 5, womwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi. Panopa mango akutibisira manyazi. Akatha, tidzaoneka.

Ndiye cholinga ndi ichi: pofika kumapeto kwa Juni tizidya masamba mitundu 12. Ndalama ya ndiwo isakwere. Sindibisa masamba m'nyemba kuti ana adye osadziwa, chifukwa ndikufuna adziwe dzina la chimene akudya. Ndipo mtundu ulembedwa pa kalendala pokhapokha anthu anayi mwa asanu a m'nyumba muno adya, mbale n'kubwera yopanda kanthu kawiri. Oweruza ndi bambowo, mng'ono wanga amene akukhala nafe, mnyamata wathu wa zaka 10 ndi chitsiriziro cha zaka 5. Ine voti yanga ndi yodziwikiratu.

14 Januwale

Ndayamba ndi bonongwe poti sawawa ndiponso sagulidwa. Kale ndinkamuwiritsa m'madzi ambiri, kutaya madziwo, kenako kumukazinga ndi tomato. Ankatuluka wofewa ngati phala, mtundu wake ngati yunifolomu ya asilikali a ku Cobbe Barracks, ndipo ndinkati vuto ndi bonongwe.

Lero ndasintha. Mafuta supuni ziwiri, anyezi kumusiya mpaka ayambe kufiira m'mbali, osati kungomuonetsa moto. Tomato kumuphika yekha mpaka madzi ake aphwe, atsale nsuzi wokhuthala. Kenako bonongwe, ndi madzi okhawo amene anatsalira pomutsuka. Mphindi zisanu, osavundikira, n'kuphula. Anatuluka wobiriwira, akumveka pa dzino.

Mnyamata anadya osalankhula, ndipo kwa iye kumeneko ndi kuyamikira. Chitsiriziro chinatola tomato yekha.

Mafutawo ndawayeza ndi supuni dala. Chiyambire pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, botolo la mafuta pakhomo pano timaliyang'ana ngati mankhwala. Koma kuwachotseratu sikungathandize, chifukwa vitamini A wa m'masamba thupi limamutenga bwino pakakhala mafuta kapena nsinjiro.

26 Januwale

Bonongwe walembedwa. Tili pa anayi.

Apongozi abwera kuchokera ku Jali ndi thumba la nkhwani, chiluwe ndi timaungu tanthete. Akhala nafe mpaka Malichi chifukwa cha mwendo. Ndinawauza za ntchitoyi, anangoti, "Ndiye masiku onsewa zidzukulu zanga mumazidyetsa chiyani?" Sindinayankhe.

Tinakhala pakhonde kusadzula nkhwani. Ine ndinkathamanga, kusiya ulusi wina. Iwo anandibwezera masamba anayi kuti ndiyambirenso. Apa ndavomereza: nkhwani umene ana ankati ukukanda pakhosi unali wosasadzula bwino, mlandu ndi wanga.

Pa nsinjiro ndiye ndaphunzirapo chachikulu. Ine ndimagula za m'timapepala, zosinjiratu, osadziwa zasinjidwa liti ndiponso ndi mtedza wotani. Apongozi anathira mtedza m'lichero n'kusankha umodziumodzi. Wonyala, wakuda, wobooka ndi tizilombo, wonse kunja. Iwo amati umawawitsa ndiwo, ndipo n'zoona, koma palinso china: mtedza wa chuku umakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo saphedwa ndi kukazinga kapena kuwiritsa. Wa m'timapepala sungauone.

Tinasinja theka uli wauwisi monga mwa masiku onse, theka linalo ndinayamba ndaukazinga pang'ono m'chiwaya. Miphika iwiri. Wa mtedza wauwisi unali wosalala, wokoma mofatsa. Wa wokazinga unanunkhira mpaka kwa aneba, koma apongozi akuti fungo la mtedza laphimba nkhwani. Ana asankha wokazinga. Bambo asankha wa amayi awo, ndipo sindinayembekezere zina.

Mkangano unabuka pa soda. Iwo sathira masamba mumphika asanatsine soda. Ndinati, "Amayi, soda amapha mavitamini." Anati, "Ine ndakula ndi chidulo, ndabereka asanu ndi awiri, mavitamini ake ati?" Zoona zake n'zakuti soda amafewetsa masamba msanga ndi kuwasiya obiriwira, ndiye amapulumutsa makala, koma amawononga vitamini C ndi vitamini B1. Tagwirizana kuti masamba anthete saloledwa soda. Okhwima, tidzaona. Ndikudziwa kuti ndikapita ku ntchito kapepala ka soda kamatsika pa shelefu.

9 Febuluwale

Chisoso chalephera. Ndinathyola kuseri kwa nyumba, masamba akuluakulu, ena a pa mitengo yoyamba kale maluwa, ndi kuphika ngati bonongwe. Kuwawa kwake, ndi kafungo ngati mankhwala azitsamba. Mnyamata anafunsa ngati wina akudwala. Tinadyera nsima mazira, ndalama ya ndiwo ya mawa n'kupita.

16 Febuluwale

Apongozi ananditenga m'mawa kukathyola okha. Nsonga zokha, timasamba tinayi tam'mwamba, pa chisoso chimene sichinachite maluwa, makamaka cha pamthunzi. Anachiviika m'madzi owira kanthawi kochepa, kutaya madziwo, kenako kuphika pamodzi ndi bonongwe, chisoso gawo limodzi bonongwe magawo awiri, n'kutendera. Kuwawa kunatsala kakang'ono kumapeto kwa lilime, kokuitana kuti utemenso mbamu ina.

Apa lamulo langa loti madzi a masamba satayidwa laphwanyika, ndipo ndalola. Mavitamini ena apita ndi madziwo, inde, koma chisoso chimene chabwerera ku khitchini n'kukathera kwa nkhuku sichipatsa munthu vitamini ngakhale mmodzi.

Ndazindikiranso chifukwa chimene ndinkathirira mchere wambiri: mchere umaphimba kuwawa. Poti bambo sakuyenera kudya wambiri, ndikuthira theka la umene ndinkathira, koma koyambirira kuti ulowerere, ndipo pophula ndikufinyira ndimu pang'ono. Ndimu amadzutsa ndiwo moti munthu safunanso mchere wa patebulo. Amathandizanso thupi kutenga ayironi wa m'masamba. Kambuzi ndikumuika payekha m'kambale, aliyense adziwonere.

Tayesanso luni. Bambo anadya mpaka kupukuta mbale, akuti wawakumbutsa kumudzi ali mwana. Mng'ono wanga analawa n'kumwa madzi kapu yonse. Ana anakana ngakhale titasakaniza ndi nkhwani. Luni akudikira.

2 Malichi

Nkhwani ndi chisoso zalembedwa. Zisanu ndi chimodzi.

Sabata ino inali ya therere, ndipo nyumba inagawikana pawiri. Mnyamata amadana ndi kutanuka kwake, amati akaona ulusi uja kuchoka m'mbale kufika pakamwa mtima umachita nseru. Bambo nawo amazemba, ati kuyambira kale amamva kuti therere limafooketsa amuna. Amayi awo anawayang'ana n'kunena kuti, "Bambo ako ankadya mbale ziwiri, ndipo iwe ndiwe wachisanu." Nkhani inathera pomwepo.

Apongozi anapanga chidulo chenicheni kuti ndione. Anatentha zitsononkho ndi makoko a nthochi ouma, phulusa lake kuliika m'chitini chobooledwa pansi, kuthira madzi pang'onopang'ono, madzi ofiirira n'kumadontha m'kapu. Therere lophika ndi madzi amenewo lili ndi kafungo ka utsi kamene soda wa m'sitolo alibe. Sindinganame, linali lokoma kuposa langa lonse. Za mavitamini ndinangokhala chete tsiku limenelo, chifukwa chidulo ndi soda ntchito yake ndi imodzi.

Langa ndinaliphika mwina. Therere lobala, lanthete, kulitsuka n'kulisiya liumiretu ndisanalidule, poti madzi ndi amene amaitana kutanuka. Kulidula mokulirapo, kuliponya m'chiwaya chotentha kwambiri ndi mafuta ochepa, osatakasa kawirikawiri, mpaka lipse m'mbali. Tomato ndi ndimu kumapeto, chifukwa zowawasa zimachepetsa kutanuka. Mnyamata anadya n'kupempha lina. Apongozi analawa kamodzi, n'kuti, "Ndi ndiwo ndithu, koma dzina muzipezere lina."

Ndiye pakhomo pano therere lili pawiri, ndipo pa kalendala ndalemba kamodzi.

15 Malichi

Ndikanalakwitsa zoopsa. Nditazolowera kuti masamba ndi mphindi zisanu, ndinatenga chigwada chimene mlamu wanga anabweretsa kuchokera ku Domasi, kuchidula ndi mpeni ngati repu, n'kuyamba kukazinga anyezi. Apongozi anatulukira pakhomo la khitchini ndi ndodo yawo. "Mukufuna kutipha?"

Masamba a chinangwa ali ndi poizoni wa mtundu wa cyanide, yemwe uja amapezeka m'chinangwa chowawa. Ayenera kusinjidwa mu mtondo mpaka aphwanyike bwinobwino, chifukwa kusinjako ndi kumene kumamasula poizoniyo, kenako awire nthawi yaitali mphika uli wosavundikira kuti atuluke ndi nthunzi. Ife tinawiritsa kupitirira theka la ola tisanathire china chilichonse. Iwo mawu oti cyanide sawadziwa, amangoti chigwada chosapsa chimaledzeretsa, koma ndondomeko yonse anali nayo m'manja.

Anasinjira limodzi anyezi ndi adyo pang'ono mu mtondo momwemo, n'kutendera ndi nsinjiro zambiri. Chitsiriziro, chimene chakhala chikutola tomato yekha miyezi iwiri, chinadya chigwada ndi manja awiri. Mwina poti n'chosalala, palibe tsamba loti alione n'kulikana. Mbale yabwera yoyera Lachinayi ndi lero.

Mtondo ndinabwereka. Wanga ndinausiya kumudzi titasamukira m'tauni, ndinkati ndi katundu wa chabe.

23 Malichi

Kholowa. Kumuyanika padzuwa kanthawi kuti afote, ndiye satanuka kwambiri. Tomato wochuluka, moto waukulu, osamusiya. Palibe wadandaula, palibenso wayamikira. Walembedwa pa chisanu ndi chinayi. Ndapempha mbewu ya mbatata yofiira mkati, ya Kadyaubwerere, kuti tizipeza masamba ndi mbatata pa mzere umodzi.

Apongozi abwerera ku Jali. Kapepala ka soda ndakapeza katatsala pang'ono kutha.

20 Epulo

Masabata anayi osalemba. Mnyamata anadwala malungo, ndipo m'nyumba mukakhala wodwala munthu umaphika zimene wodwalayo angalandire basi. Tinabwerera ku repu ndi kabichi, sindikubisa.

Tsopano nkhawa ndi chilimwe. Masamba onse amene tawazolowerawa ndi a dzinja. Ikafika Julayi bonongwe wa pampanda adzauma, nkhwani udzatsala wa kudimba wokwera mtengo, ndiye kalendala idzabwerera ku mitundu itatu ija. Choncho sabata ino ndafutsa. Ndinapita ku Thondwe tsiku la msika, ndinagula chitambe ndi khwanya zambiri poti panopa n'zotchipa. Kuviika m'madzi owira a mchere pang'ono kwa mphindi zochepa, kutsanula, kuyanika.

Apa ndinatsatira zimene alangizi a zakudya amanena, zoti masamba oyanika pamthunzi amasunga mtundu ndi vitamini A kuposa a padzuwa. Chitambe ndinayanika pa mphasa panja monga amachitira kumudzi, poti malo a pamthunzi anali ochepa. Khwanya ndinamuika pakhonde la kuseri, kumene dzuwa silifika.

4 Meyi

Khwanya yense wachita nkhungu. Ndataya.

Malangizo aja sanali abodza, koma sanalembedwere nyumba ya m'tsinde mwa phiri la Zomba. Masiku atatu otsatizana kunali mitambo yotsika ndi kamvula kowaza, chiperoni chofulumira, ndipo khonde la kuseri silinaume n'komwe. Zovala zimene zinakana kuuma. Chitambe cha padzuwa chinali chitauma kale gwa, ndinali nditachilowetsa. Chaka chamawa ndidzayanika pamthunzi pokhapokha kuli mphepo ndi dzuwa, pa thandala lokwera, ndipo kukangochita mdima ndidzatulutsira padzuwa osawerenga za vitamini.

Apongozi atamva pa foni anaseka mpaka kutsokomola. Alonjeza kutumiza chikwatu chimodzi cha mfutso wawo wa khwanya, chokulunga ndi masamba a msuku. Chitambe changa ndasunga m'chigubu chouma chotseka bwino.

Mfutso wa chitambe tauyesa dzulo. Kuunyika m'madzi ofunda kaye, kuphika ndi madzi omwewo, kutendera. Bambo akuti ukuposa chitambe chachiwisi, ndipo ndikugwirizana nawo: kuuma kumaupatsa kafungo kakuya, kokhala ngati ka nyama yowamba.

25 Meyi

Chinthu chimene chathandiza kwambiri mwezi uno si tsamba ayi. Ndi matemba. Mulu umodzi wa matemba a ku Chilwa pakhomo pano umatha chakudya chimodzi, ana n'kumakangana mitu. Ndinatenga mulu woterowo, kuukazinga m'chiwaya chopanda mafuta mpaka uume, kuusinja (mtondo ndagula wanga tsopano, ku Mpondabwino), kusefa, n'kusunga m'botolo. Supuni imodzi ya ufa umenewu mu mphika wa masamba imasintha zonse. Ndiwo zimamveka ngati muli nsomba, mchere umafunika wochepa, ndipo mulu umodzi wakwana masiku asanu ndi atatu. Minga nayo yalowa momwemo, palibe chotaya. Wogulitsa amene ndimamugula amati amapikula ku Kachulu, ndipo amakonda kukumbutsa makasitomala kuti nyanjayi inaphwapo mu 1995, ndiye tisamanyinyirike mtengo.

Kabichi amene ndinkati tatopa naye wasanduka wina. Kumudula mopyapyala, moto waukulu, mphindi zitatu, ufa wa matemba ndi ndimu. Kafungo koipa kaja ka kabichi kamabwera akapsa mopitirira, ndiye zaka zonsezi ndinkakapanga ndekha.

Mabilinganya ndinkawaopa poti amamwa mafuta ngati thonje. Mng'ono wanga ndiye wapeza njira: kuwaotcha athunthu pa mbaula pamene nsima yaphulidwa ndipo makala akungotha pachabe, mpaka khungu lipserere, kusenda, kuphwanya ndi foloko, kusakaniza ndi anyezi wokazinga ndi tomato. Mafuta supuni imodzi. Mnyamata akuti akununkha utsi ngati kanyenya, ndipo akudya. Chitsiriziro chakana kawiri, kachitatu chanyambita chala.

Za mwanayu ndaona kuti kumukakamiza kumangowonjezera misozi. Ndimamuikira kachidutswa pambali pa mbale tsiku lililonse osanena kanthu. Odziwa za kadyedwe ka ana amati mwana angafunike kulawa chinthu kakhumi kapena kuposa asanachilandire. Bonongwe anamulandira nditasiya kale kuwerenga. Chimamuthandizanso ndi kuthyola yekha: zimene wathyola amazitcha zake, ndipo amafuna aliyense adye.

29 Juni

Ndatsitsa kalendala. Repu, kabichi, chainizi, bonongwe, nkhwani, chisoso, therere, chigwada, kholowa, chitambe, mabilinganya. Khumi ndi chimodzi. Watsala mmodzi.

Bambo akuti ndilembe luni tikwanitse, poti iwo amadya za anthu atatu. Ndakana. Lamulo linali anthu anayi, ndipo luni ali ndi awiri, iwo ndi ine, inenso ndimadya mwaulemu chabe. Mng'ono wanga akuti tiwerenge therere kawiri popeza apongozi ananena okha kuti langa ndi ndiwo ina. Zimenezonso ndakana, ngakhale zinandiyesa.

Ndalama ya ndiwo sinakwere, kupatula mtondo ndi khwanya uja ndinataya. Mtedza ndi umene ukudya ndalama tsopano, choncho ndagula ndowa imodzi panopa pamene anthu angokolola kumene, ndausankha, ndauyanikanso, uli m'thumba pamwamba pa thandala. Makala akukhalitsa chifukwa miphika yambiri ikuphulidwa msanga, ngakhale tsiku la chigwada limabweza zonse. Za magazi a bambo sindinenapo, akumwabe mankhwala awo ndipo oyeza ndi a chipatala. Chimene ndaona ine n'chakuti kambale ka mchere sikakubweranso patebulo ndipo sanakafunse.

Chikwatu cha apongozi chafika Lachitatu pa minibasi. Nditamasula ndapeza si khwanya monga analonjezera. Ndi luni wofutsa, ndi uthenga kudzera kwa kondakitala woti wouma sawawa ngati wauwisi, ndiyese ndi nsinjiro zokazinga zija ana amakonda. Ndaunyika usiku uno.

Kuseri ndakonza mabedi awiri pafupi ndi pamene timatsukira mbale, kuti madzi otsukuluzira azithirira. Limodzi ndafesa bonongwe wa njere zimene ndinapulula pampanda mu Epulo. Linalo likudikira mbewu ya mpiru, ndikagula Loweruka. Nkhuku za aneba zafukula kale ngodya imodzi, ndiye mawa mnyamata akaweruka ku sukulu tikadula nsungwi za mpanda.